Watembenuka Mtima, Nanga Wafika kwa Amene Unawalakwira?

Mdzukulu wanga, wandilembera kuti unapita ku msonkhano wa chitsitsimutso mongoperekeza anzako, koma uthenga uli mkati unangopezeka misozi ili mbwembwembwe, ndipo kuchokera usiku umenewo mowa sukuufunanso. Ukufunsa ngati kusintha kwadzidzidzi kotere kumakhalitsa. Usade nkhawa, pakuti Saulo naye sanakonzekere. Kuwala kunamugwetsa pa njira ya ku Damasiko akupita kukamanga Akhristu.

Koma ine ndimayembekezera kuti ufunsa kuti, "Agogo, ndiyambire pakhomo pa yani?" M'masiku athu munthu akatembenuka mtima sankathamangira kukaima kutsogolo kwa mpingo. Ankayamba waulula zonse kwa mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwake, kenaka awiriwo ankayenda khomo ndi khomo kwa onse amene iye anawalakwira. Ndikukumbukira bambo wina kwathu amene analowerera munda wa mlamu wake, mlandu umene unakanika ngakhale kwa nyakwawa. Atakhudzidwa ndi Mawu pa msonkhano wa misasa, anakazula yekha khonje amene anabzala m'malire abodza aja, anabweza mizere yonse, n'kunyamula nkhuku kukapepesa. Mlamuyo anangoti duu pakhonde nthawi yaitali osayankha, mpaka mkulu wa mpingo uja anapempha madzi akumwa, m'pamene nkhani inayamba kukambidwa. Ubatizo unabwera pambuyo pake, bamboyo atakhala m'kalasi kuphunzira katekisima, mudzi wonse ukuona mayendedwe ake.

Mwambo umenewu sitinaupeke tokha. Pa Luka 19 Zakeyu analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda kanthu monyenga, ndipo pa Machitidwe 9 ophunzira a ku Yerusalemu ankamuopabe Saulo mpaka Barnaba anamutenga n'kumuperekeza kwa atumwi.

Lero ndimamva ana inu mukupereka umboni pa maikolofoni tsiku lomwelo, ena mpaka kuulengeza pa Facebook, ngongole ya pagolosale ili chikhalire. Sindikunyoza, chimwemwe chakocho n'choona, koma mwafulumiza zinthu.

Wanena wekha m'kalata muja kuti ndalama za feteleza za amayi ako zinathera ku mowa. Loweruka likubwerali utenge amalume ako kapena mkulu wa mpingo, mukakhale nawo pansi amayi akowo, ndipo ukanene ndi pakamwa pako mmene uzibwezera ndalamazo, ngakhale pang'onopang'ono.