Msuweni, apilo siyambira pamene ukuganizapo

Eya, msuweni, ndamva... iyayi, ndawerenga funso lako lija. Dikira ndilipeze, lakwiririka ndi zithunzi za chinkhoswe. Ehe, nali. Walemba kuti: “Kodi n'zoona kuti khoti la apilo limangotsata zomwe zinagamulidwa kale, kaya ndi mlandu wa tsankho pantchito kaya wa upandu? Ndikungofuna kudziwa.” Ndikungofuna kudziwa! Iwe amene nthawi ya munda wa kudambo ija unkangoti zitha zokha, lero wadzuka tambala asanalire kufunsa za apilo? Usandinamize, msuweni wanga. Azakhali ako anandiuza kale kuti utabwerera ku tchuthi cha uchembere unakapeza kalata yoti ntchito yako yatha, ndipo pagulu pano palibe amene sakudziwa. Ndiye ndikuyankha zimenezo.

Koma poti wafunsa, tiyambe ndi zomwe wafunsazo. Makhoti athu ali ngati makwerero. Pansi pali a majisitireti, ndi khoti la milandu ya pantchito lija la IRC. Pamwamba pawo pali High Court. Pamwamba penipeni pali Supreme Court of Appeal. Chomwe a Supreme agamula pa mfundo ya lamulo, onse apansi ayenera kutsata, afune asafune. Cha High Court chimamanga majisitireti ndi IRC. Koma cha IRC sichimanga High Court, jaji akhoza kuchiwerenga n'kuchikonda kapena kuchisiya. Zigamulo za kunja nazo n'chimodzimodzi, zimangothandiza kuganiza, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994, gawo 11, amalola khoti kuziyang'ana.

Uone mmene zimayendera. Pa 27 April 2007, High Court pa mlandu wa Kafantayeni inagamula kuti si bwino kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingolandira chilango cha imfa jaji asanamve zifukwa zopeputsira chilangocho. Anatsamira kwambiri pa mlandu wa Reyes, wochokera ku Belize, umene a Privy Council, khoti la apilo la ku London, anagamula mu 2002. Chaka chomwecho cha 2007 a Supreme anagwirizana nazo pa mlandu wa Jacob, kenako mu 2010 pa mlandu wa Yasini anati onse amene anapatsidwa chilangocho mwa njira yakale ija ayenera kukamvedwanso. Waona? Mfundo yachoka kutali, yalowa pakati, yakwera pamwamba, kenako yatsikira aliyense.

Eee, koma pamenepa ndakumbuka amalume. Amalume anga, bambo ako aakulu iwe. Nkhani ya vakabu ija umaidziwa theka lokha, unali usanayambe n'komwe sukulu. Paja nthawi imeneyo ankapikula usipa ku Limbe n'kumakagulitsa kumudzi. Ankadzuka usiku, dengu kumbuyo kwa njinga yakuda ija, ndalama atamanga pampango n'kuzibisa m'sokosi. Tsiku limenelo tcheni chinaduka, ndiye ankangoikankha njingayo, mdima uli bii. Anakumana ndi apolisi. “Mukupita kuti?” “Kumsika.” “Usiku uno?” Basi, vakabu. Linali Lachisanu... ayi, Loweruka m'bandakucha, chifukwa anagona m'chitokosi masiku awiri kudikira Lolemba.

M'chitokosimo anapezamo akatswiri. Mukudziwa, m'malo ngati amenewo simusowa wodziwa zonse. Anawauza kuti, “Madala, musavutike. Mukakana akubwezani ku rimandi, mukhala mwezi. Ingovomerani, mulipire, muzipita.” Amalume n'kuganiza za ana, kuganiza za dengu, n'kuti chabwino. Lolemba atawawerengera mlandu anangoti, “Ndikuvomera, bwana.” Sanatchule za tcheni. Sanatchule za dengu, lomwe linali pomwepo panja. Sanatchule kuti mayi amene ankawagulitsa usipa tsiku ndi tsiku akanabwera kudzanena kuti munthuyu ndimamudziwa. Zonsezo zinali m'mutu mwawo, m'fayilo munangolowa mawu amodzi, akuti wavomera. Chindapusa chake n'chomwe chinadya mbuzi ya agogo ija, imene mpaka lero sitiitchula azakhali aang'ono akakhalapo.

Ndiye papita zaka, mu January 2017, ali pakhonde ndi wailesi yawo yomanga ndi mphira, akumva kuti High Court yathetsa lamulo la vakabu. Mlandu wa Mayeso Gwanda. Munthu wogulitsa majumbo, anamugwira mu March 2015 cha m'ma 4 koloko m'mawa akupita kukagulitsa malonda ake ku Limbe. Tamvera kufanana kwake! M'bandakucha, wa geni, ulendo wa kumsika, Limbe yemweyo. Majaji atatu anati gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu, likuphwanya ufulu wa munthu, n'losemphana ndi malamulo aakulu. Amalume anadzuka, kusita jekete la ukwati lija, kupukuta nsapato, akuti, “Ndikukatenga mbuzi ya amayi ndi dzina langa.” Alamu awo akuwaletsa, iwo amvekere, “Mlandu suola!” Anakwera minibasi m'mawa osadya kanthu.

Loya amene anakamuona anawalandira bwino, anawamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anawafunsa mafunso awiri okha. Munavomera kapena munakana? Nanga munapereka liti chidziwitso choti muchita apilo? Pamenepo mpamene nkhani inathera. Munthu ukavomera mlandu kwa majisitireti, apilo yako imakhala ya chilango chokha, kuti chakula kapena n'chosaloledwa, pokhapokha utasonyeza kuti kuvomerako sikunali kwenikweni, mwina sunamvetse zomwe ukuvomera. Komanso chidziwitso cha apilo chimafunika pasanathe masiku 10. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi pakakhala chifukwa chomveka, koma zaka zonsezo, fayilo yake yoti n'kuipezanso ndi ntchito? Gwanda uja sanavomere. Anakana, maloya ake n'kukweza funso la lamulolo mlandu usanathe. Amalume anabwerako madzulo, jekete lili paphewa, anakhala pampando wawo uja osayankhula mpaka nsima inazizira. Mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa, chifukwa munthuyo sanalakwe kanthu, ndipo chigamulo chinali chowakwana ngati nsapato yoyeza.

Chabwino, ndibwerere... ndinali pati? Eya, kwa iwe.

Ndikudziwa chomwe chili m'mutu mwako. Wamva kuti mayi wina anawina mlandu wonga wako, ndiye ukuti ngakhale zitavuta koyamba, ku apilo akangoona chigamulo chimenecho basi zatheka. Ayi msuweni. Choyamba, loya wa abwana ako ntchito yake idzakhala kusiyanitsa. Ukadzati mlandu wanga ukufanana ndi wakutiwakuti, iye adzati ayi, uyo anamuchotsa atangonena kuti ndi woyembekezera, uyu ntchito yake inatha chifukwa kampani ikuchepetsa anthu. Chigamulo chakale chimamanga pokhapokha mfundo zikuluzikulu zikafanana. Tenga mlandu wa Banda ndi Lekha, wa ku IRC mu 2005. Mayi anachotsedwa ntchito atapezeka ndi HIV, khoti linati limenelo ndi tsankho ngakhale kuti gawo 20 la malamulo aakulu silitchula HIV ndi dzina, ndipo linadalira mlandu wa Hoffmann ndi South African Airways wa mu 2000. Ndi mlandu wabwino, ukhoza kuthandiza kusonyeza mmene khoti limaonera tsankho. Koma ndi wa IRC, sumanga High Court, ndipo si wa uchembere.

Chachiwiri, si mawu onse a m'chigamulo amene ali lamulo. Pali phata lake, mfundo imene yagamula mlanduwo ndipo majaji ambiri agwirizana nayo, ndiye pali zongonena podutsa. Ukukumbuka mu April 2021 dziko lonse linamva kuti a Supreme athetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Khoviwa? Pofika August chaka chomwecho majaji ena aja anafotokoza kuti amenewo anali maganizo a jaji mmodzi, a Mwaungulu, funso limenelo silinali pamaso pawo. Ndiye ngati manyuzipepala ndi maloya omwe anasokonezeka, iwe usadalire kachidutswa kamene wina wakutumizira pa WhatsApp.

Tsono nayi nkhani yeniyeni, ndachedwa nayo dala kuti umve za amalume kaye. Khoti la apilo silimva mlandu mwatsopano. Siliitana mboni kuti ziyambirenso. Limawerenga fayilo yochokera pansi, n'kuona ngati woweruza woyamba anagwiritsa bwino lamulo pa zomwe zinanenedwa pamaso pake. Kuchoka ku IRC kupita ku High Court, Labour Relations Act gawo 65 imati apilo ndi ya pa mfundo ya lamulo kapena ya mphamvu za khoti basi, ndipo uli ndi masiku 30. Sungapite kukati, “Ndinaiwala kunena kuti abwana anandiuza zakutizakuti.” Chomwe sichinalowe m'fayilo koyamba, chigamulo chakale chilibe pochigwira.

Ndiye mlandu wako ukuwinidwa kapena kuluzidwa panopa, mwezi uno, usanaone n'komwe chitseko cha khoti. Lamulo lili kumbali yako ndithu. Employment Act ya 2000 imakupatsa masabata 8 a tchuthi cha uchembere pa malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo imati ubwerere pa ntchito yako yomweyo. Gawo 57 limati pakhale chifukwa chenicheni chokuchotsera, gawo 61 limati ndi abwana amene ayenera kutsimikizira khoti chifukwacho, osati iwe. Koma pali kabowo kamodzi: akhoza kunena kuti ntchitoyo inatheratu chifukwa cha mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka kampani. Adzathawira pamenepo, ndikukuuza. Ndiye funso n'lakuti, pa desiki pako pakhala ndani lero? Ngati pali munthu amene akugwira ntchito yomwe unkagwira iwe, kaya aisintha dzina, umenewo ndiye mtima wa mlandu wako. Dzina lake, tsiku limene anayamba, ngati analengeza ntchitoyo penapake ujambule. Ena amene anachotsedwa limodzi nawe alipo, kapena ndiwe wekha? Anakuitana kukambirana asanalembe kalata? Anayesa kukupezera malo ena?

Sonkhanitsa kalata yolembedwera ntchito, kalata yokuchotsa, yopempha tchuthi ndi yankho lake, mapepala a malipiro a miyezi itatu yomaliza... ayi, tenga onse amene uli nawo, chifukwa chipukuta misozi amawerengera zaka. Chochepetsetsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse ngati wagwira zaka zosapitirira 5, masabata awiri ngati zapitirira 5 mpaka 10, ndipo iwe ndikawerenga kuyambira chaka cha maliro a agogo wadutsa kale zisanu. Mauthenga a pafoni a abwana usafufute, uwajambule tsiku ndi nambala zikuoneka, utumizenso ku foni ina, paja foni yako imagwera m'madzi chaka chilichonse. Ndipo akakuitana kuti udzasaine pepala loti walandira zako zonse ndipo sudzadandaulanso, usasaine usanalionetse kwa wodziwa. Kusaina pamenepo ndi “ndikuvomera, bwana” wa amalume uja.

Nthawi nayo. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limapita kwa mkulu wa zantchito wa boma lanu, ku leba kuja, pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe anakuchotsa. Akalephera kukuyanjanitsani pa mwezi umodzi, nkhani imapita ku IRC. Kumeneko unene zonse, ngakhale zooneka zazing'ono, ngakhale mawu aja anakuuza pakhonde oti azimayi a makanda amavuta. Utchule tsiku, malo, ndi amene analipo, ndipo amene analipoyo abwere adzanene yekha. Ukaona kuti ya loya palibe, pita ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama ya loya, usakhale pansi.

Ndibwereze, chifukwa ndikukudziwa, umamvera voice note uku ukutakasa mphika. Zigamulo zakale n'zenizeni ndipo makhoti a apilo amazitsatadi, koma amazitsata pa zomwe zalembedwa m'fayilo. Jaji wa apilo sadzakuona nkhope, sadzamva kuti unalira bwanji, adzaona mapepala. Ngati m'mapepalamo muli munthu amene wakhala pa desiki pako, chigamulo chakale chidzakugwirira ntchito. Ngati mulibe, chidzakudutsa ngati mmene cha Gwanda chinawadutsira bambo ako aakulu.

Kalata ija inalembedwa liti? Osati tsiku lomwe unailandira lokha, undiuze onse awiri, chifukwa ndikuopa kuti mwezi umodzi wapita kale. Usaike pagulu pano, unditumizire kumbali, ujambule bwino mbali zonse ndi chidindo chomwe. Mwanayo umusiyire azakhali ako Lolemba m'mawa, avomera kale, iwe ulawire ku leba ndi mapepala ako mu envulopu, ndipo ukapereka dandaulo upemphe kuti akudindire tsiku pa kope yako.