Funsani Mmisiri: Fensi yafupika, aneba akuona zonse

FUNSO: Zikomo a Mmisiri. Ine ndimakhala ku Luchenza, nyumba ndi yathu yomwe, kuseli tinatchinga ndi fensi ya malata okhomera pa mapaipi, kutalika kwake mita imodzi ndi theka, munthu ukaima mutu umaonekera. Poyamba sizimativuta poti kumtunda kwathu kunali munda wa chimanga basi, koma pano malowo anagulitsa ndipo pamangidwa nyumba ya lendi yazitseko zinayi, khonde lake layang'ana kwathu ndendende. Nde ukamachapa, ukamatuluka kubafa ndi chitenje, ngakhale ndiwo zimene watereka, anthu angokhala pakhonde kumaonerera. Zogwetsa fensi yonse ndalama palibe. Wowotcherera wina wandiuza kuti angolumikiza mapaipi pamwamba nkukhomanso malata ena, tsiku limodzi zatheka. Ndimulole?
Mayi wa ku Luchenza

YANKHO: Mayi, musamulole kaye. Osati kuti ndi wabodza ayi, zimatheka ndithu, koma iye akuyang'ana pamwamba pa fensi pomwe nkhani yonse ili pansi, m'tsinde mwa mapaipiwo.

Musanagule ngakhale msomali umodzi chitani izi. Pezani nsungwi ziwiri zazitali, mumangirirepo chitenje, ana achigwire pamwamba pa fensi, inuyo mukaime pakhomo pa bafa kenako pomwe mumachapira paja. Azikweza pang'onopang'ono mpaka mutasiya kuona mitu ya anthu apakhondewo, ataima osati atakhala. Pamenepo ikani chizindikiro. Mwina mupeza kuti masentimita 50 kapena 60 akwana, komanso mwina mupeza kuti ngakhale mutawonjezera mita yathunthu akuonanibe, poti malo a kuno ku Thyolo ndi Mulanje ndi otsetsereka ndipo neba wakumtunda amakuonerani chotsika. Zikatero kukweza fensi ndi kutaya ndalama, bola kumanga kachotchinga kakafupi pafupi ndi bafa penipenipo, malata atatu kapena anayi basi. Chotchinga chikayandikira inu sichifunika kutalika kwambiri, chingopitirira mutu wanu pang'ono. Anthu ambiri izi saziganizira, amathamangira kukweza mbali zonse zinayi pomwe vuto lili pakona imodzi.

Tsono tinene kuti mwayesa ndipo masentimita 60 akukwanira. Fensi ya malata siyidutsa mphepo, imayikola yonse ngati ambulera, ndipo mphamvu imene imafuna kuzula kapena kupinda paipi m'tsinde siyikwera mofanana ndi utali, imakwera mopitirira. Kuchoka pa mita 1.5 kufika pa 2.1 mwangowonjezera pang'ono pakuona kwa maso, koma paipi m'tsinde ikulimbana ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri. Nde ganizirani chiperoni cha mu June ndi July, mphepo ya mvula zoyamba ija yosasula madenga, osanenanso za Freddy mu March 2023 amene tonse kuno tikumukumbuka, komanso dothi lathu lofiirali likakhuta madzi limafewa, paipi yokwiriridwa mwachidule imangogona nayo fensi yonse, malata akale ndi atsopano omwe.

Choncho yambani mwagwedeza paipi iliyonse ndi manja. Ikagwedera, imeneyo siyonyamula katundu wina. Fukulani pang'ono m'tsinde muone dzimbiri, chifukwa chitsulo chimadyeka kwambiri pomwe chakumana ndi dothi, pamwamba chikuoneka chabwinobwino koma pansi chatsala ngati pepala, ndipo ndi mvula ya kuno izi sizitenga zaka zambiri. Fensi yopitirira mamita awiri imafuna paipi yolowa pansi masentimita osachepera 60, bola 70, m'konkire weniweni wa simenti, mchenga ndi miyala, osati kungotsira dothi nkupondaponda. Ngati mapaipi atalikirana kupitirira mamita awiri ndi theka, ikani ena atsopano aatali pakati pake, kapena zitsulo zochirikiza zopendekera mkati mwa puloti yanu. Kunena zoona ndalama zanu zambiri zikuyenera kupita apa.

Pa kalumikizidwe, wowotchererayo mumuuze kuti zogunditsa mapaipi nsonga ndi nsonga nkuwotcherera mozungulira ayi, pamenepo ndi pomwe pamadzathyoka. Apeze paipi kapena square tube yocheperako ilowe mkati mwa yakaleyo masentimita 30, kenako awotcherere kapena aboole amange mabawuti awiri. Ine ndimakonda mabawuti, poti moto umapsereza utoto woteteza chitsulo ndipo dzimbiri limayambira pomwepo, komanso magetsi akathima ntchito siyiima ngati ali ndi chobowolera cha batire. Akawotcherera, akwecheko bwinobwino apake red oxide, utoto wofiira uja woteteza chitsulo ku dzimbiri, tsiku lomwelo kenako penti. Kukamwa kwa paipi kumwambako atseke, apo ayi madzi amvula azidzadza mkati nkumadya chitsulo inu osaona.

Za choika pamwambapo, ine ndikanakhala inu malata sindikanaikanso. Ndikanafuna chinthu chotchinga maso koma chodutsa mphepo. Nsungwi kuno sizisowa, zong'amba nkuziika mothithikana pa angle iron, zitsulo zija zopindika ngati L, zimatchinga bwino ndipo zimaoneka bwino, mungosankha zokhwima chifukwa zanthete zimafumbwa msanga. Shade net yothithikana ija amaika pa nazale nayonso imagwira ntchito ndipo ndi yopepuka, kungoti usiku mukayatsa getsi kuseli zithunzi zimaonekera. Mphasa ndi zotchipa koma ndi chinyezi cha kuno sizikhalitsa. Ena amakoka waya nkuyanzika magalagadeya, mumadyanso zipatso, koma pamafunika kudikira miyezi ingapo ndipo akakula amalemera ndithu makamaka akanyowa. Nkhadze ayi ngati pali ana, utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ina.

Mukaumirira malata, gulani a geji 28, nambala ikachepa ndiye kuti lata ndi lochindikala, a geji 32 aja amang'ambika pamsomali mphepo ikamawagwedeza. Amange ndi masikuluwu okhala ndi labala osati waya, ndipo asiye timipata ting'onoting'ono pakati pa lata ndi linzake.

Popeza muli mu Luchenza momwe muli khonsolo yakeyake, dutsani ku ofesi yoona za mapulani mufunse ngati pali malire a utali wa mpanda kudera lanulo, kufunsa sikulipitsa kusiyana nkudzauzidwa kuti mugwetse. Mwini nyumba ya lendiyo muwadziwitsenso, mwaulemu basi, makamaka ngati fensi ili pamalire penipeni, mwinanso iwo atha kutchinga mbali ya khonde lawo inu nkupulumutsa ndalama. Ndipo tsiku la ntchito yang'anani kumwamba ngati waya wa ESCOM wolowa m'nyumba wadutsa pafupi, anyamata akamaimika mapaipi aatali samayang'ana.

Mutiuze zimene chitenje chija chaonetsa, ndipo mukalembanso mutchule kukula kwa mapaipi anu ndi mmene atalikirana kuti tikuwerengereni zofunika kugula.