Mawu a refractory aja anatsala pang'ono kundithetsera banja

Achemwali, refractory imene akulemberani m'buku la kuchipatala la mwana wanu wodwala khunyuyo sikunena inuyo, sikunenanso mwana. Ikunena khunyulo. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa ndinadutsamo.

Wanga wachisamba anayamba kugwa ali ndi zaka 6. Achipatala anamuyamba ndi mankhwala a phenobarbitone, kenako carbamazepine, koma ankangogwabe. Tsiku lina dokotala wina, sinditchula chipatala, analemba mawuwo mothamanga osandiyang'ana n'komwe, n'kuitana wotsatira. Kunyumba alamu anga, amene anafika Fomu 4 koma amadzimva upulofesa, anatenga bukulo n'kutsegula dikishonale. Anapeza kuti refractory ndi munthu wamakani, nkhutukumve. Mlandu unathera pomwepo: adokotala alemba kuti mayi wake ndi wosamva, sam'mwetsa mwana mankhwala. Apongozi anaiwanditsa mudzi wonse.

Ndiye kunabwera Loweruka lija, mwezi wa June, kukuzizira. Ine ndikuthyakula nsima, mwana akuotha pambaula ina. Ndinangomva poto wa nyemba gubudu! Kucheuka, dzanja lake lamanzere lili pamakala, thupi likuphiriphitha, thovu kukamwa, maso atatembenuka. Ndinam'koka ndi malaya. Fungo lija, mpaka lero nyama yootcha sindidya. Apongozi anathamanga ndi supuni n'kum'kanikiza nayo m'kamwa, dzino lakutsogolo linathyoka. Aneba anaima kutali, ati akaphwisa atengera matendawo, bodza lenileni, khunyu sapatsirana. Ndili kukulunga dzanjalo m'chitenje, apongozi aja anandiuza pagulu kuti, "Si adokotala analemba okha kuti ndinu osamva?" Mwana anali atamwa mankhwala 6 koloko m'mawa womwewo, ndinam'mwetsa ndekha. Amuna anga anangoti zii, kuyang'ana pansi.

Anandimasulira ndi namwino wina amene ankatsuka balalo. Madokotala amalemba refractory mwana akamwa mitundu iwiri ya mankhwala oyenera, pa mlingo woyenera, osadumphitsa, koma kugwa osasiya. Ndiye kuti mawuwo akuchitira umboni kuti mumam'mwetsa! Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a khunyu amakhala choncho. N'chimodzimodzi tikamati TB yosamva mankhwala, wosamvayo ndi TB, osati wodwala.

Pambuyo pake mawuwo ndinawafufuza chifukwa cha ukali. Anachokera ku Chilatini, refractarius, ndipo m'Chingelezi analowa m'zaka za m'ma 1600. Muli re, kubwezera, ndi frangere, kuthyola, muzu womwe uja wa fracture imene amalemba fupa likathyoka. Ndiye ndi chinthu choti ukachikakamiza chimakubwezera, chimathyola mphamvu zako. Ngakhale njerwa zomangira ng'anjo zosungunulira zitsulo amazitcha refractory chifukwa moto suzitha. Ifenso timatero, liuma si kuuma komwe kuja, ngati nthaka ya October yokana khasu? Dikishonale ya alamu sinaname, iwowo anangowerenga tanthauzo loyamba n'kutseka. Ndipo dokotala uja akanangotaya mphindi imodzi kundiuza m'Chichewa, zonsezi sizikanachitika.

Inuyo musakangane nawo achipatala, afunseni mofatsa, amatopa anthu aja. Ngakhale ine kalata yopitira kuchipatala chachikulu ndinaipeza nditakuwa pakhonde mpaka alonda kubwera. Afunseni ngati mlingo ukugwirizanabe ndi sikelo ya mwana, chifukwa akamakula mankhwala aja amachepa mphamvu. Muzilemba m'kope tsiku lililonse limene wagwa. Musam'siyitse mankhwala mwadzidzidzi ngakhale akuoneka ngati sakuthandiza, kugwa kwake kumabwera koopsa. Akagwa m'gonekeni cham'mbali, m'kamwa osaikamo kanthu, zikapitirira mphindi 5 thamangani naye. Ndipo pamoto ayi, ngakhale alire kuti akuzizidwa. Bukulo musamapatse achibale, koma muwafotokozere bwinobwino kuti akuthandizeni, simungathe nokha.

Wanga pano ali pa sodium valproate, amagwabe koma patalipatali. Zala ziwiri sizitambasuka. Alamu aja sanapepesepo, akabwera amangofunsa ngati kuli tiyi.