Fumbi lophimba pulaneti yonse ya Mars

Funso: Ndinamva pa wailesi kuti galimoto yofufuza ya Opportunity inasiya kugwira ntchito ku Mars chifukwa cha mkuntho wa fumbi. Kodi fumbi lingakute bwanji pulaneti yonse pomwe amati mpweya wa kumeneko ndi wochepa kwambiri? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Zimene munamvazo ndi zoona. Galimoto imeneyi ya NASA (bungwe la ku America lofufuza zakuthambo), yomwe inatera ku Mars mu Januwale 2004, inkadalira mphamvu ya dzuwa, ndipo inatumiza uthenga wake womaliza pa 10 Juni 2018, fumbi litatseka kuwala.

Mpweya wa ku Mars ndi wopepukadi, moti mphepo yothamanga makilomita 100 pa ola singagwetse munthu. Komabe fumbi la kumeneko ndi losalala ngati ufa woyera, nthaka ndi youma, ndipo kulibe mvula yoti ilitsitse. Mphepo ikakankha timchenga, timadumphadumpha n'kumamenya nthaka, ndipo kumenyako n'kumene kumadzutsa fumbi. Akamvuluvulu nawonso amalikweza m'mwamba.

Chimene chimandichititsa chidwi, komanso chimene chikuyankha funso lanu, ndi zomwe fumbi limachita likakwera. Limayamwa kuwala kwa dzuwa n'kutenthetsa mpweya wolizungulira, ndiye kusiyana kwa mpweya wotenthawu ndi wozizira wapafupi kumalimbitsa mphepo, mphepoyo n'kudzutsa fumbi lina, mpaka mikuntho ya m'madera osiyanasiyana imalumikizana. Izi zimachitika kawirikawiri kum'mwera kwa Mars kukayamba kutentha, yomwe ndi nthawi imene pulanetiyi imayandikira dzuwa kwambiri.

Mikuntho ing'onoing'ono imabwera chaka chilichonse, koma yokuta pulaneti yonse imabwera pafupifupi kamodzi pa zaka zitatu za ku Mars, ndipo chaka chimodzi cha kumeneko ndi masiku athu 687. Chombo cha Mariner 9 chitafika mu Novembala 1971 chinapeza Mars yense ali wophimbika, kupatula nsonga za mapiri ataliatali monga Olympus Mons. Zoterezi zinachitikanso mu 2001, 2007 ndi 2018.

Mkuntho umayamba kufooka fumbi likachuluka kwambiri, chifukwa dzuwa silifikanso bwino pansi, nthaka imazizira, mphepo imachepa, ndipo fumbilo limatenga miyezi likutsika pang'onopang'ono. Galimoto ina ya NASA, Curiosity, inapirira mkuntho wa 2018 n'kumajambula zithunzi ili m'chigwa cha Gale, popeza imayendera mphamvu ya nyukiliya.