Za geji ya kutentha kwa oyilo pa njinga yopanda redieta

Achimwene, mwafunsa ngati n'kofunika kuika geji yoonera kutentha kwa oyilo pa njinga yanu yamoto ya 150cc yomwe imazizira ndi mphepo. Ine ndikamba za mtundu umodzi womwe ndinaikapo, chifukwa unandiliza.

Ndinagula ija yolowa m'malo mwa chivindikiro cha oyilo, yokhala ngati kawotchi pamwamba ndi kachitsulo kolowa mkati. Kachitsuloko kanali kakafupi kuposa dipstick, kandodo koyezera mlingo wa oyilo kobwera ndi njinga, komanso kanalibe mizere yoonera mlingo. Basi ine kuyeza oyilo ndinasiya, maso ali pa kawotchi. Njinga inkadya oyilo pang'onopang'ono, n'kutsika mpaka kachitsulo kaja kanasiya kumukhudza. Geji n'kumaonetsa madigiri 70 okha poti sinkakhudzanso oyilo, ine n'kumanyadira kuti injini ikuzizira bwino. Tsiku lina pachikweza, nditakweza munthu kumbuyo, mphamvu zinangotha, pisitoni yagwira. Tiinjini timeneti timalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndiye akatsika ndi theka, wotsalayo amapsa msanga.

Ngati mwaikonda imeneyo, iyerekezeni kutalika ndi dipstick yanu musanalipire, ndipo dipstickyo musataye. Muziyezabe nayo oyilo m'mawa, njinga itaima chilili pamalo osapendekeka.

Manambala ake ndi awa. Oyilo akakhala pakati pa 80 ndi 110 madigiri Celsius, zili bwino. Asamakhalenso wozizira kwambiri, chifukwa chinyezi chomwe chimalowa mu injini chimachoka oyilo akatentha ndithu. Akadutsa 120 n'kukhazikika pamenepo, oyilo wamba amapyapyala n'kuyamba kuwonongeka msanga, ndiye imani, zimitsani, mupume. Wa synthetic amapirira kuposa apo. Kuli geji ina yokhala ndi kawashala kolowa pansi pa pulagi ya moto, koma imeneyo imayeza kutentha kwa hedi osati oyilo, ndipo kuona 150 kapena kupitirira si zachilendo. Musadzidzimuke nayo.

Amene akulangizani kuti muzithira madzi ozizira pa injini ikatentha aja, kaya njinga zawo zikadali moyo. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimatha kupindika kapena kung'aluka. Injini imeneyi imafuna mphepo basi, n'chifukwa chake imatentha kwambiri mukaima nthawi yaitali ikulira, kapena mukamakwera phiri ndi katundu pa giya yaikulu. Zipsepse za pa silinda zikamatidwa ndi matope, tsukani injini itazizira.

China, poti tikukamba za oyilo: musathire wa galimoto. Kalachi ya njinga zambiri imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto amaitereretsa. Onani pabotolo palembedwe JASO MA kapena MA2. Mumasulenso pulagi ya moto muone mtundu wake. Ikakhala yoyera mbuu, petulo akuchepa m'kabuleta ndipo injini ikutentha chifukwa cha zimenezo, ndiye apo pitani kwa makaniko musanagule geji iliyonse.