Za uranium wa ku Greenland

Mwafunsa ngati pansi pa dziko lozizira la Greenland pali uranium wokwanira kutsegulira mgodi. Alipo ndithu, ndipo malo odziwika kwambiri ndi phiri la Kvanefjeld, lomwe eni dziko amalitcha Kuannersuit, pafupi ndi tauni ya Narsaq kummwera kwa chilumbachi.

Phirili ndi mbali ya miyala ya Ilímaussaq, imene inapangika zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo pamene chiphalaphala chamoto chinazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, n'kusonkhanitsa uranium, thorium ndi miyala ina yosowa mu mwala wakuda wotchedwa lujavrite. Akatswiri a ku Denmark anayamba kufufuza malowa m'zaka za m'ma 1950. Koma musaganize kuti ndi mwala wonona, chifukwa m'tani imodzi mumapezeka uranium wa magalamu pafupifupi 300 okha, wochepa poyerekeza ndi wa ku Kayelekera ku Karonga, ndipo kampani ya ku Australia imene inafuna kukumba kumeneko inkadalira kwambiri miyala yosowa ija, uranium n'kukhala chongotsagana nacho.

Chimene chatsekereza ntchitoyi, monga ndikuonera ine, ndi nkhawa za anthu osati kusowa kwa mwala. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya ku Greenland inachotsa chiletso chokumba uranium ndi mavoti 15 kwa 14, koma alimi a nkhosa ndi asodzi a ku Narsaq ankaopa fumbi ndi zotsalira za mgodi. Mu 2021, chipani cha Inuit Ataqatigiit chitapambana chisankho, lamulo latsopano linaletsa kufufuza ndi kukumba miyala yokhala ndi uranium woposa magalamu 100 pa tani.