Kodi asilikali a ku Roma ankangodya mafuta ndi vinyo basi?

Wina wanditumizira imelo akuti, "Achimwene, paliponse pomwe panali kampu ya asilikali achi Roma akumapezapo mapale a mitsuko ya mafuta ndi vinyo, ndiye anthuwa chakudya chawo chinali chomwechi basi?"

Ayi ndithu akulu, musapusitsidwe ndi mapalewo. Dongo lowotcha siliwola, koma thumba ndi mgolo wamatabwa zimawola, nkhani yagona pamenepo. Chakudya chenicheni cha msilikali chinali tirigu, ankabwera m'matumba, anyamata 8 ogona tenti imodzi nkumapera okha pa kamphero kamanja kuti apange buledi kapena phala, ndipo ndalama yake ankawadula pa malipiro, sizinali zaulere ayi. Matumbawo anatha kalekale nchifukwa chake simuwaona ku myuziyamu.

Koma mitsukoyo, amphora, ndimaikonda chifukwa imaulula zambiri. Tengani uja akatswiri amautcha Dressel 20, wamimba yozungulira, ankauumba kummwera kwa Spain m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir. Wopanda kanthu unkalemera makilo pafupifupi 30, mafuta a maolivi olowamo pafupifupi makilo 70, ndiye tangoganizani kusenza chinthu chimenecho kukweza m'chombo mpaka chikafike ku mtsinje wa Rhine ku Germany kapena ku Britain kwa asilikali a pa khoma la Hadrian, lomwe mfumu ya Roma Hadrian inamangitsa kumpoto kwa England. Pa chogwirira ankadindapo chidindo dongo lisanaume, pathupi pake nkulemba ndi inki kulemera kwa mtsuko, kulemera kwa mafuta, dzina la wamalonda, mpaka wa boma yemwe wayendera katunduyo. Kuba mafuta panjira sikunali kophweka.

Mafuta akatha ambiri ankangoswa, poti dongo lamwa mafuta ndipo limanunkha. Ku Roma kuli phiri lonse la mapale, Monte Testaccio, lalitali mamita pafupifupi 35, mitsuko pafupifupi 53 miliyoni, ankathirapo laimu kuti fungo lichepe.

Nanga mowa? Ku Vindolanda, kampu ya asilikali achi Roma kumpoto kwa England, kunapezeka makalata olembedwa pa timatabwa topyapyala, ndipo mu imodzi mkulu wina wa asilikali apakavalo dzina lake Masclus akulembera bwana wake kufunsa zoti achite mawa, kumapeto nkuwonjezera kuti anzathu kuno mowa alibe, chonde lamulani autumize. Mowa umenewo unkafululidwa konko ndipo sunkayenda mu amphora, mukanangowerenga mapale okha simukanadziwa nkomwe kuti anyamatawa ankamwa.